Galimoto Inakula Msinkhu

"Ine tepi sindiidziwa. Galimoto ndikangoiponyera diso kamodzi, ndadziwa kale mbali yomwe yapendekera. Zoyezayezazi ndi za anthu amene lusoli anachita kuphunzira."

A Telala anawamva mawuwa ali kukhitchini, akuphwanya piritsi ndi msana wa supuni. Wolankhulayo anali a Injiniya, makaniko wa kuseri kwa msika, amene dzina la uinjiniyalo anadzipatsa okha, anthu n'kulivomera chifukwa kutsutsana nawo kunali kotopetsa. Ankauza wometa tsitsi wa nyumba yoyandikana ndi ya a Telala, yemwe anali atatsamira mpanda. A Telala anangokweza maso n'kuyang'ana shelefu yomwe a Injiniya omwewo anawakhomera chaka chatha, pomwe makapu onse ankaunjikana kumapeto amodzi ngati anthu ousa mvula. Kenako anathira ufa wa piritsi uja m'tiyi n'kupita naye kuchipinda.

Amuna awo, a Dalaivala, anali atagona chagada akuyang'ana denga. Bambowa anayendetsa malole aakulu moyo wawo wonse, ndipo anali munthu wa thupi, woti akakhala pabenchi a kumapeto enawo ankayamba kufuna pogwira. M'mawa wina anagwa kubafa sopo ali m'manja. Sitiroko inawalanda mkono ndi mwendo wa mbali imodzi, inatenganso mawu onse n'kuwasiyira awiri okha: "ayi" ndi "tiyeni". A Telala anazolowera msanga. Anaona kuti m'banja la zaka zambiri mawu awiriwo amakwanira zinthu zochuluka kuposa momwe munthu angaganizire.

Miyezi ingapo asanagwe, a Dalaivala anagula bokosi lalikulu la zitsulo zokwezera galimoto yawo: masipuling'i aatali, mashoko atsopano oletsa galimoto kudumphadumpha, mabawuti m'timatumba. Galimotoyo inali yakale, ya zija zokoka ndi matayala onse anayi, ndipo cholinga chinali chakuti akapuma pantchito azikafika nayo kupitirira komwe phula limathera. Bokosilo linatsala pabalaza. A Telala analiyalira nsalu ya maluwa n'kumaikapo mankhwala.

Ndiye tsiku lina kunabwera a Injiniya kudzazonda. Atakhala pang'ono, akusowa chonena monga amachitira onse ozonda munthu wosayankha, a Dalaivala anatambasula dzanja lamoyo lija n'kuloza bokosi.

"Tiyeni," anatero.

"Mwamva, Mayi? Bwana alamula!" anafuula a Injiniya, atapeza pothawira. "Ntchito imeneyi ndigwira ulere. Ine ndi akuluwa tachokera kutali."

Za ulerezo anazibwereza pageti, kenako pamsewu, kuti asapezeke munthu wonena kuti sanamve.

A Telala anavomera. Miyezi imeneyo ankavomera chilichonse: masamba owawa a alamu awo, mapemphero a anthu osawadziwa, malangizo a aliyense amene msuweni wake anadwalapo zoterezi. M'mutu mwawo munali ngati m'nyumba yomwe eni ake anasamuka n'kuiwala kuzimitsa wailesi. Chimodzi chokha ndicho ankachigwiritsa: Lachinayi. Tsiku limenelo ankapita ndi bambowo kuchipatala kukawongola ziwalo. Ankawakweza okha m'galimoto, popanda kupempha munthu. Ankaimika chikuku cha bambowo pafupi ndi khomo la galimoto, kuyala thabwa losalala kuchokera pachikukupo kufika pampando, n'kuwakhwekhwereza pang'onopang'ono. Kuchipatalako chala chachikulu cha dzanja lakufa lija chinali chitayamba kugwedera. Koma anali atajomba kale chifukwa cha chifuwa, ndipo namwino ananena mosapsatira kuti akajombanso malo awo apatsa wina, pakuti odikira ndi ambiri.

"Lachinayi ikhale itatha," anatero a Telala.

"Mayi, Lachinayi ndi kutali. Lachiwiri mukhala mukuijambula zithunzi."

Ntchito inayamba Lolemba, pansi pa shedi ya malata pomwe galimotoyo inkagona. Shediyo anamanga ndi a Dalaivala, ndipo mtanda wake unali chidutswa cha njanji yakale, chifukwa bambowa sankakhulupirira chitsulo chilichonse chomwe munthu mmodzi angachinyamule. A Injiniya anabwera atavala ovolosi yochapa, sipanala imodzi ili m'thumba la pachifuwa ngati cholembera cha bwana wa ku ofesi. Anakweza galimoto ndi jeke, anaikhazika pa zitsulo zochirikiza, anachotsa matayala n'kuwasanja pakhoma. Chilichonse chomwe ankachita ankachilengeza kaye, ngakhale panalibe amene wafunsa.

"Tsopano ndikumasula shoko. Ambiri amayamba ndi sipuling'i. Ndi omwe mumawaona akuyenda opanda mano akutsogolo."

"Ndiye inu mano anu awiri aja anapita ndi chiyani?" anafunsa wometa ali pampanda.

"Ija inali nkhani ya mpira. Usasokoneze zinthu."

A Telala ankawatulutsa amuna awo m'mawa, kuwaimika pamthunzi moyang'ana shedi, n'kubwerera ku makina awo osokera. Pazenera ankawaona. Bambo amene miyezi yonseyi ankangoyang'ana denga tsopano ankatsatira sipanala ndi maso, ndipo a Injiniya akatola ya saizi yolakwika, kuchikuku kunkamveka "ayi" wouma, wa munthu wodziwa. A Telala anachiona chimenecho n'kudziuza kuti n'chinthu chabwino. Anadikira kuti mumtima mumveke kanthu. Simunamveke kanthu, choncho anapitiriza kupinda mpendero wa siketi ya kasitomala.

Lachiwiri, tsiku la zithunzi lija, bawuti imodzi ya kumbuyo inakana. Inali itagwirana ndi dzimbiri ngati inabadwira pomwepo. A Injiniya anaithira mafuta, anaimenya ndi hamala, anaitukwana mwaulemu poganizira kuti pakhomo pali wodwala, pamapeto pake n'kuidula ndi makina. Madzulo ake kunadutsa munthu wogula zitsulo zakutha akukankha ngolo, ndipo a Injiniya anamukwezera masipuling'i ndi mashoko akale onse, akunena kuti pakhomo pa munthu wolemekezeka sipayenera kukhala zinyalala.

Lachitatu masana galimoto inatsika pa jeke, ngakhale matayala atagunda pansi inaoneka ngati ikadali m'mwamba. A Injiniya anaikankhira kutsogolo ndi kumbuyo, anaidinikiza pakona iliyonse kuti masipuling'i akhazikike, kenako anaima patali manja ali m'chiuno. Odutsa mumsewu anayamba kuchepetsa liwiro, ena n'kuima pageti.

A Telala anatuluka ndi thabwa lawo. Sikuti ankafuna kutsutsa munthu. Chinali chizolowezi chabe, monga momwe ankayesera zipi asanapereke diresi kwa mwini wake. Anatsegula chitseko. Mpando umene kale unkawalekeza m'chiuno tsopano unali pachifuwa. Anaika thabwa, mbali ina pachikuku, ina pampando, ndipo linaima ngati makwerero a nkhuku.

"Ndiwakweza bwanji?" anafunsa.

Sanakweze mawu. Anafunsa ngati akufunsa mtengo wa ulusi.

A Injiniya anayang'ana thabwa, anayang'ana mpando, anayang'ana malata.

"Zimenezo, Mayi, si za mbali ya umakaniko. Ife timaona za pansi pa galimoto."

"Ndiye itsitseni."

"Kutsitsa n'kotheka, kungoti zakale zija zinapita ndi wa ngolo uja. Komanso bawuti ija..."

"Ayi," anatero a Dalaivala kuchikuku. Ankayang'ana galimoto yawo ngati kholo loona mwana atavala za ukwati. "Ayi. Ayi."

Wometa, yemwe anali atazungulira n'kulowa pageti, anapendeketsa mutu.

"Komanso, a Injiniya, mwina ndi maso angawa, koma yakwera mbali imodzi. Ine munthu ndikamumeta chonchi sandilipira."

A Injiniya anapuma mpweya wa munthu amene wafunsidwa funso lomwe akulidziwa.

"Apo ndiye pali sukulu. Ndaika chitsulo chokhuthala pamwamba pa sipuling'i ya mbali ya woyendetsa. Dala. Galimoto siyezedwa ili yokha. Imayezedwa mwini wake ali pampando, ndipo mabawuti omaliza amamangidwa itasenza katundu amene izisenza masiku onse. Ukamanga ili m'malere, mabushi a rabala aja amang'ambika mwezi usanathe. Bwanawa kulemera kwawo ndimakudziwa ngati dzina langa. Akangokwera, iwongoka yokha."

Alamu awo a a Telala, mlongo wa a Dalaivala, amene anali atangofika ndi botolo lina la masamba, anayamba kuwerenga nyerere pansi.

"Tiyeni," anatero a Dalaivala.

Anawanyamula atatu. A Injiniya anagwira m'khwapa, wometa m'miyendo, alamu akuchirikiza msana uku akulangiza onse awiri. Mutu unagunda pachitseko, silipasi imodzi inagwa, thalauza linatsetsereka ndipo a Telala analikoka osaganiza n'komwe, monga ankachitira kangapo patsiku. Pomaliza bambowo anakhala pampando wa woyendetsa, dzanja lamoyo lili pachiwongolero.

Galimoto sinamve n'komwe kuti mwalowa munthu.

A Injiniya anaizungulira, anagwada, anatsinzina diso limodzi, anaizunguliranso. Kenako anayandikira a Telala n'kutsitsa mawu.

"Mayi, tepi yanu ija ili pafupi? Ndikufuna ndingowaonetsa anthuwa."

Inali m'khosi mwa a Telala, momwe inkakhala nthawi zonse. A Injiniya anayeza kuchokera pakati pa tayala kufika m'mphepete mwa madigadi, chitsulo chija chophimba tayala, mbali iyi ndi mbali inayo, kutsogolo ndi kumbuyo. Mbali ya woyendetsa inali pamwamba ndi zala ziwiri.

"Mathalauza awo ndakhala ndikuwabweza m'chiuno," anatero a Telala. "Thupi lomwe mwaliikira chitsulolo linatha kalekale. Ndipo woyendetsa ndine. Kuyambira tsiku lija ndine. Ngati mumayeza mwini mpando, yezani ine."

"Alamu!" anatero alamu aja, dzanja lili pakamwa. "Mawu otere pamaso pa munthu?"

"Makutu awo ndi amoyo, Alamu. Lachinayi lililonse amandiona ndikuyendetsa. Ndikachedwa kusintha giya amati ayi."

A Dalaivala sanayang'ane aliyense. Anagwedeza chiwongolero pang'ono uku ndi uku. Anasuzumira pagalasi la pambali, momwe munkaoneka khoma ndi ndowa. A Injiniya anapeza chochita ndi kupukuta sipanala yomwe inali yoyera kale. A Telala anangoima ndi thabwa lawo. Kudikira ndi ntchito imene anali ataidziwa bwino kuposa kusoka. Patapita nthawi, dzanja lija linamasuka lokha n'kugwera pamwendo.

Anawatsitsa. A Injiniya anakwezanso mbali ija ndi jeke, anachotsa chitsulo chawo chokhuthala, ulendo uno osalengeza chilichonse, n'kuitsitsanso galimoto. Kenako atatu aja ananyamulanso a Dalaivala, tsopano kupita nawo kumpando wa wokwera. Apa wometa anawongoka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno.

"Mayi, ndinene pano pali anthu. Ine ndimadya ndi msanawu, kuima tsiku lonse. Mawa musandiwerengere."

"Ine mawa ndili ndi kasitomala wamkulu," anatero a Injiniya. "Munthu wa udindo."

Alamu ankakhala kutali, ndipo m'mawa mawondo awo sankadzuka nawo limodzi.

A Telala anapinda chikuku n'kuchiika kumbuyo, pamalo pake pa masiku onse. Anakwera kumpando wa woyendetsa, atachita kugwira chitseko ndi kudzikoka ngati akukwera mumtengo. A Injiniya anayezanso makona onse anayi n'kulengeza kuti tsopano ili ndendende, monga momwe iwo ankaonera poyamba pomwe. Analowa pansi ndi sipanala kukamanga mabawuti omaliza, kunja n'kutsala miyendo yokha.

Kumwambako kunali kwachilendo. A Telala ankaona pamwamba pa mpanda, mpaka zovala za anansi pachingwe. Pambali pawo amuna awo ankapuma mwaphokoso, atatopa ndi kunyamulidwa. Kuchipatala kunali anyamata a mayunifolomu otsitsa ndi kukweza odwala, kumeneko kunalibe vuto. Vuto linali pano, mawa m'mawa, iwo okha ndi thabwa. Analiganizira vutolo mopanda mantha, ngati la munthu wina amene wabwera kudzawafunsa nzeru. Maso awo anakwera pagalasi lakutsogolo mpaka anakaima pa njanji ija ya mtanda wa shedi.

Anatulutsa mutu pazenera n'kulankhula ndi nsapato zomwe zinali pansipo.

"A Injiniya."

"Mayi?"

"Tchenibuloko ya bambo ija."

Sipanala inasiya kulira.

Tchenibuloko ndi chida chija cha unyolo chokwezera mainjini, chomwe mwana akhoza kukoka n'kunyamula nacho chinthu cholemera ngati ng'ombe. A Dalaivala anabwereketsa yawo kwa a Injiniya kalekale, pamene makanikoyo ankatsegula galaja ali ndi masipanala obwereka ndi chikwangwani chachikulu. Inali ya sabata imodzi. Kuyambira pamenepo inazula mainjini a theka la tauni, ndipo a Dalaivala akaifunsa yankho linkakhala lakuti sabata ya mawa, mpaka anasiya kufunsa, ana n'kukula, n'kuchoka pakhomo.

"Ija, Mayi," anatero mawu ochokera pansi pa galimoto, "ndimaona ngati ntchito yaulereyi ikukhudzanso mbali imeneyo."

"Ulere munalonjeza nokha pageti. Tcheni munabwereka."

"Ija ya pagalaja ija?" anafunsa wometa, msana utayamba kuchira. "Imene mumati munaitanitsa kunja pa sitima?"

"Kunja inachokeradi. Zitsulo zonse zimachokera kunja."

"Mangani mabawutiwo mumalize," anatero a Telala, "kenako mukaitenge. Wilibala ili kuseri."

A Injiniya anatuluka pansi paja ndi nkhope ya munthu amene akufuna kuyamba nkhani yaitali, koma pageti panali anthu, ndipo onse anali atamva. Anathandiza kutsitsa a Dalaivala, ntchito yomwe inali yopepukirapo chifukwa potsika dziko limathandiza, n'kunyamuka ndi wilibala akuyenda mowongoka ngati inali nzeru yawo.

A Telala analowa m'nyumba n'kusolola lona wakale wa lole pansi pa bedi. Anadula chidutswa chokwana kukhalapo munthu, anapinda m'mbali kawiri, anasokerera malamba anayi ochokera ku zikwama zakutha, akubwereza msoko uliwonse mpaka singano inatentha. Miyeso sanachite kutenga. Ankaidziwa.

Dzuwa litapendeka wilibala inabwera ikulira. Tchenibulokoyo inali yakuda ndi mafuta a zaka zonsezo, ndipo pambali pake panali dzina la galaja la a Injiniya lolembedwa ndi penti yofiira. A Injiniya anakwera pa mpando wa kukhitchini n'kuikoleka panjanji, pamwamba penipeni pa khomo la wokwera.

"Yambani ndinu," anatero a Telala, akuyala lona uja pachikuku.

"Ine, Mayi?"

"Msoko sindinauyese."

Choncho a Injiniya anakhala pachikuku, malamba anayi anakolekedwa pa ngowe, ndipo a Telala anayamba kukoka unyolo, dzanja ili kenako ili. Unyolo unkayenda wambiri, munthu n'kumakwera pang'ono. A Injiniya ananyamuka mawondo ali pachibwano, akuzungulira pang'onopang'ono m'malere ngati thumba la pasikelo, koma pakamwa sipanatseke.

"Mukuona? Chida chimenechi ndachisamala. Wina akanachiwononga kalekale. Mafuta ake ndimathira ine mwini, mwezi ndi mwezi."

"Mutembenukire kuno, a Injiniya, tikumva ndi msana," anatero wometa.

Msoko unagwira. Anawatsitsa, ndipo pachikuku panakhala mwini wake. A Telala anauza onse kuti aime patali, pasapezeke wogwira, chifukwa mawa sipadzakhala wogwira. Anakoka. A Dalaivala anakwera mwakachetechete, dzanja lamoyo litagwira lamba, maso ali pa tchenibuloko yawo. Atafika pa msinkhu wa mpando, a Telala anawakankha m'chiuno mpaka anakhala m'mphepete mwake, anabweza unyolo pang'ono, anamasula malamba, analowetsa mwendo wamoyo, kenako ananyamula winawo ndi manja awiri n'kuulowetsanso. Anawamanga lamba wa galimoto. Silipasi zonse ziwiri zinali kumapazi.

Alamu anayamba kulira, ndipo wina pageti anaomba m'manja kawiri n'kusiya ataona kuti ali yekha. A Telala anayang'ana zikhatho zawo. Zinali zakuda bii, ndipo anaganiza zoti mawa adzavale magolovesi, kuti asadetse malaya a bambo.

A Injiniya anakonza kolala ya ovolosi n'kutembenukira kugeti.

"Nonse muli panonu ndinu mboni. Katundu wa bwanawa ndabweza ndi manja anga, ali bwinobwino, popanda wondikakamiza."

"Taona," anatero wometa.

"Taona," anatero alamu, akupukuta m'maso.

A Injiniya anatolera masipanala awo mmodzimmodzi. Atafika pafupi ndi a Telala anatsitsanso mawu, koma osati mokwanira.

"Kungoti, Mayi, kasitomala wa mawa uja ndi wa injini. Yofunika kuzula. Mwina mukabwerako kuchipatala, ya tsiku limodzi lokha..."

"Injiniyo mubwere nayo kuno," anatero a Telala. "Njanji ndi iyi. Mukatha mupukute unyolo."